Ufa wachikasu ndi zitini zadzimbiri pamsika: tilande kapena tiyezetse kaye?

Mlangizi wa zaumoyo, Bangula:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Poyendera magolosale ndi mabenchi a pamsika tapeza zinthu ziwiri zimene zatiimitsa mitu. Pali zitini za matimati zolembedwa m'Chipwitikizi, zina zadzimbiri, zina zotupa. Palinso ufa wachikasu wokometsera ndiwo umene mavenda akupatulira m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina la kampani ngakhale tsiku lothera mphamvu. Iwo akuti anapikula kwa munthu amene amalowetsa katundu kuchokera ku Mozambique kudzera njira zachidule. Ufawo ukuwala mopitirira muyezo, ndipo mnzanga akukayikira kuti muli mtovu. Kodi tili ndi chifukwa chokwanira choti tilande zonsezi?

Ofesala woyendera zakudya, Nchalo:
Bambo, nkhani ziwirizi muzilekanitse. Ya zitini ndi yosavuta, pakuti chitini chotupa, chochucha kapena chadzimbiri pamsoko sichiyenera kugulitsidwa, ndipo umboni wake maso akuuona. Zichotseni pashelefu lero lomwe. Matimati ndi owawasa, choncho ngati utoto wa mkati mwa chitini wasupuka, chitsulo chotchedwa tin chimasungunukira m'chakudya, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Inu mukudziwa mmene golosale yofolera malata imakhalira kuno mu Okutobala, kunja kukapitirira madigiri 40. Malamulo a Codex, omwe ndi miyezo ya chakudya ya padziko lonse, amaika malire a mamiligalamu 250 a tin pa kilogalamu ya chakudya cha m'chitini, ndipo ikachuluka munthu amasanza ndi kumva kupotokola m'mimba.
Ufa ndiye wovuta. Mtovu sununkha, sumveka pa lilime, ndipo ngakhale ndiwo ziwire chotani sutha.

Namwino wa ana, Nsanje:
Ine ndikuti ufawo ulandidwenso osadikira, chifukwa zofananazo zachitikapo. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti ena okonza manjano (turmeric) ankathiramo utoto wa lead chromate, umene uli ndi mtovu, kuti mtundu uwale ndi kukopa ogula. Ku United States mu 2023 phala la maapozi la ana lopangidwa ku Ecuador linachotsedwa m'masitolo atapeza mtovu wambiri mu cinnamon amene anathiramo. Ngati zinadutsa kumene kuli malabotale ochuluka, nanga kuno?
Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, komanso kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Mwana amene ayironi ndi wochepa m'thupi amayamwa wochulukirapo, ndipo ana operewera magazi timawaona tsiku ndi tsiku kusikelo. Mtovu umaononga ubongo pang'onopang'ono, mwana amachedwa kulankhula ndi kugwira zinthu m'kalasi, ndipo makolo saganiza n'komwe za ndiwo. Umakhazikikanso m'mafupa kwa zaka zambiri, n'kudzabwerera m'magazi mayi akakhala woyembekezera.

Ofesala woyendera zakudya, Nchalo:
Mayi, zoopsazo sindikutsutsa ayi. Koma tikalemba mu lipoti kuti talanda chifukwa muli mtovu, mwini katundu akadzafunsa zotsatira za kuyeza tidzasowa chonena, ndipo mavenda ena adzayamba kubisa katundu akangotiona. Chifukwa chimene tili nacho m'manja ndi chakuti ufawo ulibe chizindikiro, sukudziwika anaupanga ndani, ndipo sunadutse pachipata cha Marka kapena china chilichonse chovomerezeka. Chimenecho n'chokwanira kuimitsa malonda ake. Za mtovu atiuze a Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, amene ali ndi udindo woyeza katundu wolowa m'dziko muno.

Mkulu woyang'anira alangizi, Ngabu:
Ndikugwirizana ndi a ku Nchalo, koma ndionjeze za katengedwe ka sampulo, pakuti apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Musatole timapepala ta pabenchi tokha. Pezani thumba lalikulu limene akupatulamo, chifukwa mwina lili ndi dzina la wopanga ndi nambala ya batch, yosonyeza gulu la katundu wopangidwira limodzi. Tapani ndi supuni ya pulasitiki yatsopano, osati yachitsulo, ndipo mugawe patatu: gawo la labotale, la ofesi, ndi la mwini katundu. Mumate ndi kulemba tsiku ndi malo iye akuona, asainirenso. Ufa wotsalawo usungidwe pansi pa loko mpaka zotsatira zitabwera, osati kuutaya m'dzenje kapena mu Shire. Zonsezi zidutse ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo wapampando wa msika adziwitsidwe musanayambe.

Mlangizi wa zaumoyo, Bangula:
Zikomo kwambiri nonse. Zitini tazichotsa ndipo eni ake asainira. Venda mmodzi wavomera kutionetsa thumba lalikulu mawa m'mawa. Anzathu a ku Ngabu ndi Nchalo, chonde yang'ananinso m'misika yanu, chifukwa akuti wopikulitsayo amatsika ndi katundu wake m'malo onse a mumsewu wa M1.