Tithandizeni nzeru: kudyera pansi pa mpesa ndi sewero la nyimbo ku Nchalo

Akuluakulu, tikukonza malo odyera panja: matebulo 10 pansi pa thandala la mpesa, ndi sewero la nyimbo Loweruka lililonse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, poti Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40.

Chotisowetsa tulo ndi mpesawo. Mijigo yambiri kuchigwa kuno madzi ake ndi amchere. Ukathirira, masamba amapsa m'mphepete kenako n'kuyoyoka, mthunzi osakhalapo. Alipo amene anakolola mphesa pothirira madzi a mu Shire? Mtundu wanji, nanga munkadulira mwezi uti? Kapena tingobzala magalagadeya, omwe amayanga msanga?

China ndi mawu a oimba. Sewero la nyimbo lotchedwa Les Misérables lakhala likuonetsedwa ku London kuyambira 1985, ndipo kumeneko wosewera mbali yaikulu amakhala ndi womulowa m'malo. Ife oimba alipo 8 basi. Fumbi la mwera ndi utsi wa makala owotchera mlamba zimasasitsa mawu msanga. Mbaula tiike mamita angati kuchokera pabwalo? Nanga udzudzu wamadzulo mumaugonjetsa bwanji popanda mankhwala ofukiza otsokomoletsa oimba?