Zolemba zachuluka m'magazini ya Fomu 4, ndiziyala bwanji?

Wa ku Chirimba: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Sukulu ina ya sekondale yandipatsa magazini ya otsiriza Fomu 4, masamba 48 a A4, saddle stitch (yomangidwa ndi mastepulo pakati popindira). Zithunzi zilibe vuto, chandisowetsa mtendere ndi zolemba. Uthenga wa ahedi wokha masamba atatu mu Word, kubwera wa wapampando wa PTA, ndakatulo, mbiri ya sukulu, ndiye mwana aliyense walembanso mawu otsanzika. Ndayala makolamu awiri mu InDesign, pulogalamu yoyalira masamba, koma zikungooneka ngati pepala la mayeso. Palibe mwana angawerenge zimenezi. Akufuna zituluke asanayambe MSCE. Mumatani kuti mawu akope maso?

Madala a ku Limbe: Chokani mu InDesign mupite ku Corel. Mukatha, mawu onse convert to curves, ndiye kuti zilembo zisanduke zojambula, zisadalirenso font.

Wa ku Chirimba: Madala, pulogalamu si vuto. Ndikufunsa kayalidwe.

Mayi a ku Zingwangwa: Achimwene, uthenga wa ahedi musaudule nokha, mudzayambana nawo. Sankhani chiganizo chimodzi chokoma, chikulitseni mpaka 24pt pakati pa tsamba, zotsalazo zizungulire. Mbiri ya sukulu iduleni ikhale mzere wa zaka, chaka chilichonse ndi kachithunzi kake ndi mizere iwiri basi. Mawu otsanzika ine ndimauza ana alembe pamanja ndi bolopeni yakuda papepala loyera, ndichita scan pa 600dpi n'kuika pansi pa chithunzi cha mwanayo. Makolo amakondwa kwambiri akaona dzanja la mwana wawo.

Wa Ginnery Corner: Za pamanjazo chenjerani nazo. Ine zinandiwotcha. Mnyamata wina analemba kandakatulo kooneka bwinobwino, koma zilembo zoyamba za mizere yake zimatchula dzina lonyoza limene ana anapatsa mphunzitsi wa masamu. Ife sitinaone, ahedi sanaone, anaona ndi ana tsiku logawa. Tinakhala usiku wonse tikumata timapepala pa kope iliyonse, ndipo ndalama yotsala sanandipatse mpaka lero. Mphunzitsi amene amawadziwa anawo awerenge chilichonse, ndipo ahedi asaine proof (kope yoyesera) tsamba ndi tsamba.

Madala a ku Limbe: N'chifukwa chake ndikuti curves. Ine font ina inalibe ŵ, mawu oti Malaŵi pachikuto anatuluka ndi kabokosi pakati. Makope onse.

Mayi a ku Zingwangwa: Madala, zimenezo n'zosiyana ndi za ndakatuloyo. Ndipo PDF ya masiku ano imanyamula mafonti ake. Mukachita curves masamba 48 kenako kholo libwere kuti dzina la mwana wanga mwalakwitsa, mukonza bwanji?

Madala a ku Limbe: Mumasunga mafayilo awiri. Ine ndinayamba ntchitoyi tikumata zinthu ndi guluu. Curves.

Wa ku Bangwe: Za ŵ madala akunena zoona, yesani font musanaikonde. China, zimitsani hyphenation pa nkhani za Chichewa. InDesign imadula mawu potsatira Chingerezi, mupeza "ndikuthokozanso" yadukira pamalo oti munthu sangawerenge. Ndipo mukachita justify (kulinganiza mizere mbali zonse ziwiri) kolamu yopapatiza, mawu athu ataliataliwa amasiya mipata ngati mseu wa fumbi pakati pa ndime. Left align ndiye mtendere.

Osaikanso timawu toyera ting'onoting'ono pamwamba pa chithunzi. Pa sikirini zimakongola, koma makina akangophonya registration (kugwirizana kwa mitundu ya inki) pang'ono zilembo zimatsekeka. Mawu owerenga akhale K100, kutanthauza inki yakuda yokha, osati wakuda wosakaniza mitundu inayi. Masamba apakati amasuntha pa saddle stitch akamadula, ndiye manambala a masamba ndi mayina a ana asayandikire m'mphepete.

Wa ku Chirimba: Zikomo. Nanga ndakatulozi? Zilipo zambiri ndipo zina n'zazitali.

Wa Ginnery Corner: Musaziunjike pamodzi, mwazani imodzi imodzi pakati pa zithunzi za makalasi. Koma ndifunse, dipoziti akupatsani? Sukulu zimakonda kunena kuti tidikire ana asonkhe kaye. Ana akangolemba pepala lomaliza n'kubalalika, simudzawaonanso.

Wa ku Bangwe: Theka patsogolo, apo ayi osagula pepala. Mtengo wa art paper sukudikira munthu.

Madala a ku Limbe: Ndipo potumiza kosindikiza musaiwale zomwe ndanena zija.

Mayi a ku Zingwangwa: Alipo amene ali ndi guillotine (makina odulira mapepala) yakuthwa mbali ya ku Limbe? Yathu yayamba kutafuna mapepala.