Denga la sitolo yakale lasasuka, ndipo mu akaunti mwalowa R18,000

Mlembi (Rosettenville): Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Chithunzi ndatumizachi chachokera kumudzi lero m'mawa. Mvula ya mphepo ya usiku wa Lachiwiri yasasula denga la sitolo yakale ija. Malata ena agwera m'munda mwa amfumu, khoma la kumbuyo lang'aluka. Nkhani yachiwiri, a Nkhoma a ku Randburg aika R18,000 mu akaunti ya gulu lathu la kuno ku Joni. Ati ndi ya chitukuko cha kwathu ku Dowa, ntchito sanatchule. A Tcheya ati tiyambe kukambirana pano tisanakumane Lamulungu ku Turffontein.

Nambewe (Yeoville): Ambuye adalitse a Nkhoma. Koma ndalamayo isasunthe kaye.

A Mwale (Mayfair): Chithunzichi chandipeza ndili pa makina, ndasiya kaye diresi la mwini. Ana inu mukuona bwinja, ine ndikuona khonde lomwe ndinakulirapo. Pangodya pomwe pagwera phaso apo ndi pomwe pankakhala Singer ya malemu bambo anga. Mwenye ankagulitsa nsalu mkati, munthu akatuluka nayo, biliwita kaya kaki, bambo ankamuyeza pomwepo, mawa lake kabudula watha. Lendi ya khondelo sinali ndalama, ankangosokera banja la mwenyeyo zong'ambika. Ine ntchito yanga inali kutola zidutswa ndi kuwalowetsera ulusi pa singano, chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Utelala umene ndikudyera ku Joni kuno ndinauphunzira pamenepo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndalamayi tifolerere sitolo mvula isanagwetse makoma. Tikatero mkatimo mukhale mosungira mtedza ndi soya wa anthu a m'mudzi, tiikemo sikelo yathuyathu yoona. Khonde libwerere kwa anyamata a mganda ndi akuluakulu a bawo.

A Phiri aang'ono (Diepsloot): Amalume, ndi ulemu wonse. Mjigo wa kusukulu unafa chaka chatha, amayi athu akutunga pachitsime cha kudambo limodzi ndi ng'ombe. Nyumba ya mwenye itithandiza chiyani? Mwini wake anachoka ife tisanabadwe.

A Mwale (Mayfair): Sanachoke mwa kufuna kwake, mphwanga. Boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'midzi m'zaka za m'ma 1970, pofika 1978 malonda awo anatsala m'matauni okhaokha monga Lilongwe, Limbe, Blantyre ndi Zomba. Tsiku lopakira katundu mulole ine ndinalipo. Anthu ena ankaomba m'manja kuti tsopano sitolo ndi yathu. Anaitenga munthu wakwathu komwe, nonse mukumudziwa, sinditchula. Sizinathe zaka ziwiri m'mashelefu munatsala mchere ndi machesi. Sikuti anali wakuba ayi. Mwenye uja katundu ankatenga pangongole kwa abale ake a mahoselo ku Limbe, n'kumabweza akagulitsa. Wathuyu panalibe womukongoza. Kuyambira pamenepo khasu kaya palafini tinayamba kulondola ku Mponela wapansi.

A Chisale (Soweto): Pepani a Mwale, koma agogo anga ankati sitolo imeneyi inali ya Mandala.

A Mwale (Mayfair): Ayi achimwene. Mandala ndi African Lakes, kampani ya ku Glasgow ya 1878, yoyendetsedwa ndi apachibale awiri a kwa Moir. Dzinalo linachokera pa magalasi a maso a John Moir. M'masitolo awo munkakhala munthu wolembedwa ntchito, mwini kampani simukanamuona. Yathuyi mwini wake ankagona kuseri kwa kauntala ndi mkazi ndi ana, fungo la binzali linkamveka mpaka pakhonde. Kungoti akale kwathu sitolo iliyonse ya malata ankaitcha Mandala, monga lero mankhwala aliwonse otsukira mano timati Colgate.

A Chisale (Soweto): Agogo anga sankanama.

A Mwale (Mayfair): Sindinati ankanama. Ndati ine ndinkasesa khondelo.

Nambewe (Yeoville): Mandala kaya mwenye, ine sizikundikhudza. Ine ndikufunsa za 2019. Tinasonkha R9,600 ya simenti ya kamlatho ka kudambo. Ine ndinapereka R400 mwezi umene madamu anandidula malipiro. Matumba anafika 22. Otsalawo anapita kuti? Zaka zonsezi tikafunsa mumati tikambirana pamsonkhano, pamsonkhano mumati nthawi yatha anthu akathamangire matekisi. Lero kwabwera ndalama yatsopano ndiye aliyense wadzuka ndi pulani.

Msungichuma (Berea): Mayi Nambewe, mu 2019 buku silinali m'manja mwanga. Ine ndinalandira mu 2022 muli R310. Kuchokera pamenepo lisiti lililonse ndimaika pano.

Nambewe (Yeoville): Sindikunena inu. Amene ndikunena akudzidziwa, ndipo ndi mlamu wa amene akufuna malatawa.

A Mwale (Mayfair): Mwafika pa ine tsopano. Inde ndi mlamu wanga, anakwatira mlongo wanga, zimenezo sindingakane. Koma ndani anakwera basi pa Park Station ndi ndalama yake kukamufunsa pamaso pa amfumu? Ndinagona masiku awiri m'njira, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Dedza. Anati simenti inakwera mtengo, ina inauma ndi chinyontho. Sindinamukhulupirire ndipo mpaka lero sitidyera mbale imodzi. Mlongo wanga sandiimbiranso foni chifukwa cha gulu lino. Ndiye musandipachike mlandu umene unandilanda m'bale.

Nambewe (Yeoville): Pepani pa za mlongo wanu. Koma ndalama sinabwere.

Agogo Nankhoma (Alexandra): Ana anga, ndamuuza mdzukulu andilembere. A Mwale, sitoloyo ndikuidziwa, ndine wamkulu kwa inu. Musaikometsere kwambiri. Mayi anga ankasenza fodya wa chikopa pamutu kuchoka mbandakucha, ine m'mbuyo ndi kamtolo kanga. Akafika pamsika wogula ankafwanthula masamba n'kunena kuti giredi yotsika, kukana kunalibe. Akalandira masheleni aja, patebulo lina pali kalaliki wa msonkho ndi amesenjala, bambo alipire. Zotsalazo n'kulowa nazo m'sitolo, mwenye watsegula kale buku la ngongole ya chaka chonse. Tinkabwerera ndi nsalu imodzi, sopo wa mtanda ndi kamchere ka basela m'pepala. Mayi ankayenda njira yonse osayankhula.

A Mwale (Mayfair): Wawa mayi, zonse mwanenazi ndi zoona, sindichotsapo. Fodya uja ankamulamulira a Native Tobacco Board, bungwe la atsamunda la 1926. Ndiwo ankalembetsa alimi, ndiwo ankanena kuti msika ukhala pati, ndipo fodya wathu ankakathera ku okushoni ku Limbe komwe mlimi sankapondako. Mtengo wa kumeneko ndi umene mayi anu ankalandira zinali zosiyana kutali. Bungwelo linasinthasintha maina, kenaka Farmers Marketing Board, kenaka ADMARC mu 1971, chaka chomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi.

Koma n'chifukwa chake ndikulira sikelo. Mlimi wa kwathu chiyambire sanayezepo katundu wake yekha. Nthawi zonse sikelo ndi ya wogula. Chaka chatha mphwanga anayeza thumba la soya pa sikelo ya kuchigayo, linakwana makilo 50. Atafika nalo kwa venda wa pamsewu, sikelo yolendewera pamtengo ija inati 45. Anagulitsabe chifukwa mwana anali atabwezedwa kusukulu. Kusiyana kwake ndi nthawi ya mayi anu kuli pati? Sikelo ya m'sitolo muja ndikuikumbuka, inali ya mbale ya mkuwa mbali imodzi, mbali inayo miyala ya chitsulo yolembedwa mapaundi. Mwala umodzi wa mapaundi 7 ulipo mpaka lero kwa mlongo wanga, amatchingira chitseko cha khitchini. Tsiku lina mayi wina anakangana ndi mwenye pa mtedza, bambo anasiya makina, anatenga mwalawo n'kuuika pa sikelo anthu onse akuona. Munthu ukakhala ndi mwala wako umatha kutsutsa. Tikakhala ndi nyumba youma ndi sikelo yathu, anthu asunga mpaka mitengo ikwere, osati kutaya mu Epulo.

Agogo Nankhoma (Alexandra): Za sikelo ndagwirizana nazo. Koma isatchedwe sitolo ya mwenye.

A Phiri aang'ono (Diepsloot): Sikelo ya digito ku China Mall siifika ndi R1,000 yomwe. Tigule sikelo, yotsalayo mjigo. Sikelo siifuna denga la R18,000.

A Mwale (Mayfair): Nanga matumbawo muwasunga pansi pa mtengo?

A Gama (Tembisa): Inu zonsezi mukukamba mwafunsa kuti malowo ndi a ndani? Ine ndamva kuti mphwake wa amfumu anagulitsa kale kwa munthu wa ku Lilongwe, akufuna kumangapo malo omwera mowa. Tifolera nyumba ya eni.

Mlembi (Rosettenville): A Gama, mwamva kwa ndani? Tisamaike mphekesera pano, pagulu pano pali ana a kubanja la amfumu.

A Gama (Tembisa): Wandiuza ndi munthu amene anaona akupima ndi chingwe.

Nabanda (Turffontein): Ine ndine wa kubanja limenelo ndipo ndikuti ndi bodza. Ankapima a zamagetsi. A Gama, mkwiyo wanu ndi wa dimba lija munaluza pabwalo, musaubweretse kuno.

A Gama (Tembisa): Dimba lija linali la mayi anga, mudzi wonse ukudziwa.

A Tcheya (Rosettenville): Chonde abale, za dimba ayi. Tibwerere pamutu.

A Mwale (Mayfair): Ngati ndi zoona kuti pakhala mowa ndiye ndilira kawiri. Khonde lija silinkadziwa botolo. Madzulo akuluakulu ankakumba bawo pansi pomwepo, pambuyo pake mwenye anawapatsa thabwa la bokosi la tiyi. Loweruka ankatulutsa galamafoni yopukusa, anthu kudzaza mpaka pamsewu, ena kusuzumira kumbuyo kwake kufuna kuona woimbayo. Koma chenicheni chinali mganda ikatha misika. Boma lathu la mganda linkavala zoyera zokhazokha, kabudula, malaya, masitonkeni ofika m'mawondo, kampango m'manja. Mwezi wathunthu bambo sankagona, kusoka mayunifomu ndi nyali ya koloboyi. Panali kingi, panali dokotala woyendera mizere kuona ngati zovala zili zoyera, waumve ankamutulutsa pamzere. Mabadza tinkapanga ndi zipanda, pakabowo n'kumatapo kachikopa koyera ka kangaude kaja ka pakhoma, ukauzira kamalira ngati lipenga lenileni. Guleyu anabwera ndi asilikali a King's African Rifles atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, n'chifukwa chake mapazi ake ndi a pelete. Mudzi wina ukabwera kudzapikisana, amayi ankaphika thobwa m'migolo, atsikana mbali inayo chimtali. Mwenye tsiku limenelo ankagulitsa sopo ndi buluu wochapira mpaka kutha. Lero anyamata athu madzulo ali kuti? Ali m'mavidiyo sho ndi m'timasacheti.

A Chisale (Soweto): Mkazi wanga ndi wa ku Nkhata Bay, akuti mganda munaba kwa iwo, weniweni ndi malipenga.

A Mwale (Mayfair): Muwauze alamu kuti nkhondo sanapite Atonga okha.

A Phiri aang'ono (Diepsloot): Amalume, anyamata a lero safuna mganda, akufuna majezi ndi mpira. Anatilembera kalata mu Januwale, palibe anayankha. Koma ine ndikubwerezabe, madzi. Mwana wa achemwali anga anagonekedwa ku Madisi ndi kutsegula m'mimba. Zimenezi si mbiri yakale, ndi za mwezi wathawu.

A Mwale (Mayfair): Mjigo uja unafa chifukwa komiti ya kumudzi inkatolera ndalama mwezi ndi mwezi koma yogulira zipangizo inasowa. Tikaukonza lero, chaka chamawa ufanso. Nyumba yosungira mbewu ingamalipiritse pang'ono pa thumba, ndalama imeneyo ndi imene ingamakonze mjigo osadikira Joni.

Nambewe (Yeoville): Ndipo ndalama ya pathumbayo adzasunga ndani? Mlamu wanu?

A Mwale (Mayfair): Mayi, ndakupemphani kale.

A Nkhoma (Randburg): Ndangotsika kuntchito, ndawerenga zonse. Ndalamayi ndinasunga zaka zitatu, ndinapereka pokumbukira malemu mayi anga. Sindikusankha mbali. Koma ndisanamve mapeto a simenti ya 2019, a Msungichuma musatulutse ngakhale R1.

Msungichuma (Berea): Ndamva bwana.

A Tcheya (Rosettenville): Ndiye Lamulungu tiyamba ndi 2019, kenaka mjigo, kenaka sitolo. A Nabanda mutiimbire amfumu tidziwe za malowo. Ifike 2 koloko tili tonse, osati 4.

A Gama (Tembisa): Ine Lamulungu ndili pa shifiti. Koma mufunse za chingwe chija.

A Mwale (Mayfair): Pofika Lamulungu khoma lidzakhala litamwa mvula ya masiku anayi. Ndatumiza R700 yanga pa Mukuru kwa mphwanga, agule pepala lakuda la pulasitiki aphimbe pamwamba pa makoma, atolenso malata aja asunge kwake. Si ya gulu, musailembe m'buku.

Mlembi (Rosettenville): A Mwale, andiimbira kumene kuchokera kumudzi. Malata atatu asowa kale.

A Phiri aang'ono (Diepsloot): Nanga kalata ya anyamata ija ndiwayankhe kuti chiyani?