Khansa ya m'matumbo aakulu yakumtundu: tilembe 3, 10 kapena 30 pa 100?

Namwino wa ku endoscopy:
Akuluakulu, ndithandizeni. Andipatsa ntchito yolemba kapepala ka odwala khansa ya m'matumbo aakulu, komanso ndondomeko yoti tizitumiza ndani kukayezetsa ma gene (tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo). Ndakakamira pa mzere woyamba womwe. Mwa odwala 100, ndi angati amene khansa yawo ndi yakumtundu? Pena akuti 3, pena 10, kwina mpaka 30. Nditenge iti?

Dokotala wa opaleshoni:
Asisita, manambala onsewo ndi oona, kungoti aliyense akuyankha funso lakelake. Wa 20 mpaka 30 uja akuwerenga odwala amene ali ndi wachibale yemwe anadwalaponso khansa yomweyi. Ambiri mwa iwo simuwapeza ndi gene imodzi yoti n'kuiloza. Amene khansa yawo yachokeradi ku gene imodzi yodziwika ndi 5 mpaka 10. M'kati mwa amenewo, Lynch syndrome, vuto lotengera la ma gene okonza zolakwika mu DNA, ndiyo yaikulu, pafupifupi 3 pa 100. FAP, nthenda yotengera yodzaza matumbo ndi ma polyp (totupa timene tingasanduke khansa), siikwana ndi 1 yomwe.

FAP siivuta kuizindikira, inunso mukudziwa. Mukangolowetsa kamera, ma polyp ali mbwee, mazanamazana. Yovuta ndi Lynch. Matumbo amaoneka ngati a wodwala wina aliyense, chotupa chimodzi basi, kawirikawiri kudzanja lamanja.

Wa ku labu:
Ndiwonjezereko pa 10 ameneyo. Mu 2017 a Yurgelun ndi anzawo anayeza odwala 1,058 osasankha msinkhu kapena mbiri ya banja, ndipo 9.9 pa 100 anapezeka ndi vuto m'ma gene a khansa. A Lynch anali 3.1. Koma mu 9.9 umo munalinso ma gene ngati BRCA1 ndi BRCA2, amene timawadziwa kwambiri pa khansa ya m'mawere, ndipo kupezeka kwake sikutanthauza kuti ndiwo adzetsa chotupa cha m'matumbocho. Chaka chomwecho a Pearlman ku Ohio anayeza odwala 450 osakwana zaka 50, n'kupeza 16 pa 100. Msinkhu ukatsika, nambala imakwera.

Clinical officer:
Mabwana, ife timangofunsa mbiri ya banja ndi ndondomeko ya Amsterdam ija yozindikirira Lynch: achibale 3 odwala khansayi, mibadwo 2, mmodzi anadwala asanakwane zaka 50. Yachangu, yosalira chipangizo. Ngati Lynch ili 3 pa 100 chabe, kuyeza aliyense si kutaya nthawi?

Mlangizi wa za ma gene:
Achimwene, musasiye kufunsa, koma musadalire kufunsa kokha. Amsterdam anaikonza mu 1991 kuti ofufuza apeze mabanja oonekeratu, osati kuti isefe odwala kuchipatala. Imaphonya ambiri. Banja likakhala laling'ono, kapena bambo anamwalira msanga ndi ngozi, achibale atatuwo muwatenga kuti? Komanso mwa ma gene a Lynch, MSH6 ndi PMS2 sizilusa ngati MLH1 ndi MSH2, khansa imabwera mochedwa kapena kudumpha anthu ena. N'chifukwa chake NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku England, linanena mu 2017 kuti chotupa cha wodwala aliyense chiziyezedwa, posayang'ana zaka zake.

Mbiri ya banja imanamanso mbali inayo. Pafupifupi mmodzi mwa anayi a FAP, vuto la mu APC, gene ya FAP, limayambira pa iye, makolo alibe. MUTYH, gene ina yodzetsa ma polyp ambiri, imafuna kuti utengere kwa mayi ndi kwa bambo komwe, ndiye makolo amakhala bwinobwino, odwala n'kukhala ana a mimba imodzi.

Ndipo pofunsapo, wodwala akati "amayi anamwalira ndi khansa ya chiberekero," musalembe msanga. Funsani kuti inali ya khomo la chiberekero kapena ya m'kati. Ya khomo imabwera ndi kachilombo ka HPV, siikhudzana ndi Lynch. Ya m'kati ndiyo imayenda ndi Lynch, ndipo kwa amayi ambiri ndiyo imayamba kuonekera isanafike ya m'matumbo.

Namwino wa ku endoscopy:
Zikomo, mzere woyamba watheka. Tsopano ndili ndi zotsatira ziwiri za IHC (kuyeza ngati mapuloteni a ma gene a Lynch alipo m'chotupa) patebulo pano. Bambo wa zaka 74, MLH1 ndi PMS2 palibe. Mayi wa zaka 44, MSH2 ndi MSH6 palibe. Onse alembedwa dMMR, kutanthauza kuti ena mwa mapuloteni okonza DNA akusowa m'chotupa. Ndiwatumize onse kukayezetsa ma gene?

Wa ku labu:
Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Zotupa pafupifupi 15 pa 100 zimatuluka dMMR, pomwe Lynch ndi 3. Ndiye kuti dMMR yambiri si yakumtundu. Chimachitika n'chakuti MLH1 imazimitsidwa m'chotupa momwemo ndi methylation (kusintha kotseka gene kuti isagwire ntchito), makamaka kwa okalamba, pomwe m'maselo ena onse a thupi ili bwinobwino. MLH1 ikazima PMS2 imasowa nayo, chifukwa zimagwira ntchito ziwiriziwiri, monganso MSH2 ndi MSH6.

Bambowo musawatumize kaye. Pemphani ayeze BRAF V600E (kusintha kwa gene ina m'chotupa) kapena MLH1 methylation pa kachidutswa ka chotupa komwe kaja, sipafunika kudulanso. BRAF ikapezeka, kawirikawiri si Lynch. Ikapanda kupezeka, methylation n'kusowanso, pamenepo apite. Mayiwo apite lero. Kusowa kwa MSH2 ndi MSH6 sikuchitika wamba. Polemba fomu mutchulenso gene ya EPCAM, chifukwa ikaduka kumapeto imazimitsa MSH2 yoyandikana nayo.

Clinical officer:
Ndamva. Koma chotupa achichotsa kale, kudziwako kusintha chiyani kwa wodwalayo?

Dokotala wa opaleshoni:
Zambiri ndithu. Ine ndimafuna IHC pa biopsy (kachidutswa ka chotupa kotengedwa kuti kayezedwe), ndisanagwire mpeni. Wa Lynch, makamaka wa MLH1 kapena MSH2 wachinyamata, timakambirana naye zochotsa gawo lalikulu la matumbo, poti lotsalalo lingathe kutulutsa khansa ina yatsopano. Pambuyo pake colonoscopy (kuona m'matumbo ndi kamera) pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, moyo wake wonse, chifukwa polyp ya Lynch imasanduka khansa msanga. Mayi amene wamaliza kubereka timamuuzanso zochotsa chiberekero. Pali aspirin, amene kafukufuku wa CAPP2 wotsogoleredwa ndi a John Burn anaonetsa kuti amachepetsa khansayi mwa a Lynch, ngakhale mlingo wake ndi wokambirana ndi dokotala. Ndipo chotupa cha dMMR, kaya n'chakumtundu kaya ayi, chikafalikira chimamva mankhwala ngati pembrolizumab.

Koma phindu lalikulu lili kwa achibale amene sanadwale. Wodwala mmodzi amakutsegulirani khomo la abale ake ndi ana ake onse.

Namwino wa ku endoscopy:
Ndalemba chonchi: "Mwa odwala 100, pakati pa 5 ndi 10 ali ndi khansa yotengera kwa makolo. Yofala kwambiri ndi Lynch syndrome. Chotupa chanu chiyezedwa kuti tione ngati mukufunika kuyezetsa magazi. Mukapezeka nayo, hafu ya ana anu adzadwala khansa." Wa 30 uja ndamusiya, angowopseza anthu. Konzani.

Mlangizi wa za ma gene:
Mzere womalizawo chotsani, asisita. Mwana aliyense payekha ali ndi mwayi wa 50 pa 100 wotengera gene, osati woti adwale. Ana anayi akhoza kutengera onse, kapena osatengera ndi mmodzi yemwe, ndipo wotengera si onse amadwala. Lembani kuti: "Mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi wofanana. Wotengera timamuyeza matumbo pafupipafupi kuti tichotse ma polyp asanasanduke khansa. Wosatengera sangapatsire ana ake."

Pa ndondomeko yanu muikepo msinkhu. Lynch sitiyeza ana aang'ono, timadikira afike zaka 18 asankhe okha, poti colonoscopy imayamba cha m'ma 20 mpaka 25 kwa a MLH1 ndi MSH2, ndi 30 mpaka 35 kwa a MSH6 ndi PMS2. FAP ndiyo timayeza ali ndi zaka 10 mpaka 12, chifukwa ma polyp amayamba ali achichepere.

Wa ku labu:
Muonjezerenso mzere wina: wodwala wosakwana zaka 50, kapena amene ma adenoma ake (mtundu wa ma polyp) apitirira 10 mukawaphatikiza, apite kwa alangizi ngakhale IHC itatuluka bwino. IHC imaona za Lynch zokha, APC ndi MUTYH siziona.