Kodi mayi woyembekezera angalandire kemo ya lymphoma?

Nabanda, Santhe:
Mchemwali wanga ali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo chotupa cha m'khosi chimene tinkachiyesa mwanabere wamba, madokotala apeza kuti ndi lymphoma, khansa yogwira anabere. Usiku amatuluka thukuta mpaka chitenje chofunda kunyowa. Atitumiza ku Kamuzu Central Hospital kuti akayambe kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, koma apongozi ake akukana, akuti mankhwalawo apha mwana m'mimba. Kodi ndi bwino kudikira kuti abereke kaye?

Mayi Nkhoma, namwino wopuma, Kasungu Boma:
Mantha a apongoziwo ali ndi maziko, koma nthawi yoopsa kwambiri ndi miyezi itatu yoyamba, pamene mtima, ubongo ndi ziwalo zina za mwana zikuumbika. Apo kemo ikhoza kuchititsa kupita padera kapena kulumaza mwana. Mchemwali wanu wadutsa pamenepo. Sabata 14 zikapitirira, mankhwala a ABVD pa lymphoma ya Hodgkin, kapena R-CHOP pa mitundu ina, amaperekedwa kwa amayi oyembekezera, ndipo ana ambiri amabadwa alunga, ngakhale ena amabadwa ochepa thupi kapena masiku asanakwane. Koma mankhwala a kemo otchedwa methotrexate amapewedwa ndithu. Mitundu ina ya lymphoma imakula msanga kotero kuti miyezi isanu yodikira ikhoza kutayitsa mayi pamodzi ndi mwana yemwe. Ndikupemphani kuti mupite nawo apongoziwo ku Lilongwe, akadzimvere okha kwa dokotala.

Bambo Mbewe, Chamama:
Mayi akunyumba analandira diripi ya kemo masiku 21 aliwonse ali ndi pakati, ndipo chimene chinatisautsa kwambiri chinali ndalama ya minibasi. Thupi likatentha musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale, chifukwa kemo imatsitsa asilikali a m'thupi. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwalawo anawaimitsa kutatsala pafupifupi sabata zitatu kuti abereke, pofuna kuti magazi abwerere m'malo mwake.

Mayi Nkhoma:
Ndinaiwala mfundo ziwiri. Mayi sayamwitsa pamene akulandira kemo, choncho yambani kukonzekera za mkaka panopa. Ndipo akalandira rituximab, amodzi mwa mankhwala a R-CHOP, azamba adziwitsidwe mwana asanabayidwe katemera wa BCG woteteza ku TB, popeza angafunike kumuchedwetsa.

Nabanda:
Zikomo kwambiri. Apongozi avomera kuti tipitire limodzi Lolemba, ndipo buku la kusikelo taliika kale m'chikwama.