Chiuno chikuwapweteka, marathon yatsala masabata 10: ndiwaimitse kapena tipitirize?

Kochi_42:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'gulu langa muli mayi wina wa zaka 34, akhala akuthamanga kwa zaka 6, ndipo tikukonzekera marathon yawo yachiwiri. Mwezi wathawu ayamba kudandaula ululu m'mphechepeche kumanja, mkati mwenimweni. Ndikawafunsa pomwe pakupweteka, amagwira chiuno chala chachikulu chili kumbuyo, zinazo kutsogolo, dzanja litapanga ngati chilembo C. Ululu umabwera akadutsa makilomita 12, komanso akakhalitsa pampando wotsika kapena akamatsika m'galimoto. Anakajambulitsa X-ray, awauza kuti mutu wa fupa la ntchafu suli wobulungira bwino, ali ndi chomwe amati cam, ndiye asiye kuthamanga. Anabwera kwa ine misozi ili m'maso. Sindikufuna kuwavulaza, komanso mtima wanga sukuvomera kuti kusiya ndiye njira yokhayo. Ndimaganiza zongodula mtunda ndi theka. Inu mukadatani?

MayiFiziyo:
Achimwene, kugwira kwa C kuja ndi ululu wa pampando wotsika zikulozadi mkati mwa mfundo ya chiuno. Koma cam yooneka pa X-ray payokha si matenda. Anthu ambiri amasewera ali nayo ndipo sakumva kanthu, makamaka amene anasewera kwambiri mpira mafupa akukula. N'chifukwa chake akatswiri atakumana ku Warwick, ku England, mu 2016 anagwirizana kuti munthu anenedwe kuti ali ndi FAI, vuto la kupanikizana kwa mafupa mu mfundo ya chiuno, pokhapokha zinthu zitatu zitakumana: zomwe akumva, zomwe wapeza woyeza ndi manja, ndi zomwe chithunzi chaonetsa. Kodi alipo amene anawagoneka n'kupinda mwendo, kuukankhira mkati ndi kuupotoza? Kapena anangowerenga chithunzi basi?

DokotalaWaMasewera:
Mayi anena zoona, koma ine ndikupempha kuti tiyambe taima kaye. Kochi, mayiwa asathamange ngakhale kilomita imodzi mpaka titatsimikiza kuti khosi la fupa la ntchafu lilibe mng'alu. Wothamanga mtunda wautali akamva ululu m'mphechepeche, chinthu choyamba kuchichotsa ndi stress fracture ya pamenepo. X-ray masabata oyamba kawirikawiri imaoneka yabwinobwino ngakhale mng'alu ulipo, ndiye diso limakopeka ndi cam ija, nkhani n'kuthera pomwepo. Chofunika ndi MRI, kujambula komwe kumaonetsa mkati mwa fupa bwino kuposa X-ray.

Ndikuumirira chifukwa mng'alu ukakhala chakumwamba kwa khosilo, mbali yomwe fupa limakokeka, umatha kutseguka fupa n'kusuntha. Zikatero mitsempha yopereka magazi kumutu wa fupa imatha kuwonongeka, mutuwo n'kuyamba kufa. Mayi wa zaka 34 sayenera kufika pamenepo chifukwa cha mpikisano umodzi.

Ndiyankheni izi. Mtunda wa pa sabata munaukweza bwanji? Usiku atagona amamva ululu? Akamayenda wamba amatsimphina? Thupi latsika? Nanga msambo ukubwera mwa nthawi yake?

Kochi_42:
Adokotala, mwandiopsa koma zikomo. Tinachoka pa makilomita 45 kufika 70 pa sabata m'masabata 6. Ndikuvomereza, tinafulumira, ndipo pulogalamu ndinalemba ndine. Usiku akuti amagona bwino. Kutsimphina ndinakuona kamodzi, tsiku lotsatira titathamanga makilomita 26. Thupi latsikadi, iwo amati akufuna apepukidwe. Za msambozo sindinafunsepo, ndipo kunena zoona sindikudziwa kuti ndingayambe bwanji, ine bambo, iwo mayi wapabanja.

MayiFiziyo:
Simukuyenera kufunsa inuyo mwachindunji ngati zikukuvutani. Auzeni chonchi: pali mafunso okhudza thanzi la amayi omwe amakhudza mphamvu ya mafupa, ndipo ndi bwino akawayankhe kwa dokotala kapena kwa fiziyo wamkazi. Chachikulu n'choti funsolo lifunsidwe ndithu. Munthu akamadya zochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe thupi likugwira, thupi limayamba kusunga mphamvu, msambo umadukiza kapena kusiya, mafupa n'kufooka. Ndi vuto lomwe a IOC, bungwe loyang'anira masewera a Olimpiki, analitcha RED-S mu 2014, ndipo limagwira abambonso. Kukweza mtunda uku ukuchepetsa chakudya ndi njira yachidule yopita ku mng'alu.

Musawayese kudumpha ndi mwendo umodzi pabwalo. Ngati mng'alu ulipo mukhoza kuuwonjezera. Ngati akumva ululu poyenda, agwiritse ntchito ndodo zoyendera mpaka atajambulidwa.

KochiWakale:
Mwana wanga, mvera adokotala. Ine ndinalakwitsapo pa nkhani yomweyi. Ndinali ndi mnyamata waluso, ululu wake unali malo omwewo. Tinkati ndi mnofu. Ankamwa mankhwala opha ululu asanathamange, ine ndikudziwa, ndili chete chifukwa mpikisano unali pafupi. Tsiku lina anangokhala pansi pakati pa msewu, kulephera kudzuka. Anamuika zitsulo m'chiuno. Akuyenda bwino lero, koma liwiro lake silinabwererenso. Papita zaka zambiri koma ndikamuona mtima umandipwetekabe. Masabata awiri osathamanga sachotsa zomwe munthu wamanga zaka 6.

Kochi_42:
Ndabweranso patatha masiku 12. MRI yatuluka: mng'alu palibe, fupa lili bwino. Cam ilipodi, komanso akuti labrum, kalamba kaja kozungulira mkombero wa mfundo, kang'ambika pang'ono kutsogolo. Msambo ukubwera bwino, koma avomera kuti ankadumpha chakudya, ndipo pano ayamba kuonana ndi katswiri wa kadyedwe. Fiziyo anawayeza, ululu womwewo unabwera atapinda mwendo n'kuupotozera mkati. Dokotala wa mafupa wanena kuti opaleshoni ya kamera ndi yotheka. Mayiwa akufunsa ine kuti achite chiyani. Masabata atsala 8.

DokotalaWaMasewera:
Nkhani yabwino kwambiri. Tsopano tikhoza kukambirana modekha. Kung'ambika kwa labrum kusakuchititseni mantha, kumapezeka pa MRI ya anthu ambiri amene sakumva ululu uliwonse. Za opaleshoni, kafukufuku wamkulu wa ku UK wotchedwa FASHIoN, amene anatuluka mu 2018, anayerekeza opaleshoni ya kamera ndi fiziyo yokonzedwa bwino pa anthu 348. Patatha chaka magulu onse awiri anali atapeza bwino, a opaleshoni anaposa pang'ono. Ine ndimawerenga zimenezi motere: opaleshoni ili ndi malo ake, koma munthu amene sanayesepo fiziyo yeniyeni alibe chifukwa chothamangira mpeni. Apatseni miyezi 3 akugwira ntchito mokhulupirika. Zikakanika, khomo la opaleshoni silinatsekedwe.

MayiFiziyo:
Ndigwirizana nazo. Kochi, chomwe ndaona kwa othamanga a vuto ili n'chakuti nthawi zambiri kuthamanga pamalo osalala sikumene kumaputa ululu. Mfundo imapanikizika mwendo ukapindika kwambiri kubwera kuchifuwa, makamaka ukalowa mkati. Ndiye yang'anani moyo wawo wonse, osati bwalo lokha: mpando wotsika, kupingasa miyendo, kunjuta mpaka pansi ponyamula zitsulo, kugona chammbali bondo litagwera kutsogolo. Ndipo chonde asiye kudzikoka kuja kokumbatira bondo n'kulikankhira kuphewa la mbali ina. Ambiri akamva kuti chiuno chauma amalimbikira kukoka, pamene akungofinya malo omwe akupwetekawo.

Mphamvu zipite ku minofu ya m'matako, ya m'mbali mwa chiuno, ya mkati mwa ntchafu ndi ya pamimba. Kawiri kapena katatu pa sabata, ndi kulemera kwenikweni kokwera pang'onopang'ono, osati kugwedeza mwendo ndi kalamba kopepuka kwa miyezi. Kukweza chiuno atagona chagada, kenako ndi mwendo umodzi. Kukwera pabokosi lalifupi. Kunjuta kofika theka. Mukawaimika ndi mwendo umodzi, onani ngati chiuno cha mbali inayo chikugwa kapena bondo likuthawira mkati. Pamenepo ndi pomwe pali ntchito.

Za ululu, agwiritse ntchito muyeso wa 0 mpaka 10. Pothamanga usapitirire 3, usawachititse kutsimphina, ndipo pofika mawa lake ukhale utabwerera pomwe unali. Mawa lake likaipa, dzulo munapyola.

Mphunzitsi_Liwiro:
Ndiwonjezereko mbali yathu ya ukochi. Werengani masitepe awo pa mphindi. Ambiri amene amaponya mwendo patali kutsogolo amakhala ndi masitepe ochepa. Kafukufuku wa ku University of Wisconsin wa 2011 anaonetsa kuti kuwonjezera masitepe ndi 10 peresenti pa liwiro lomwelo kumachepetsa katundu pabondo ndi pachiuno. Ine ndimayamba ndi 5 peresenti kuti munthu asasokonezeke, metronome ya pafoni, pulogalamu yolira mofanana kuti masitepe aziitsatira, imakwanira. Zikweza zazikulu ndi liwiro la pabwalo zichoke kaye, chifukwa zonsezi zimakweza bondo m'mwamba. Njinga samalani nayo: chishalo chikatsika kapena munthu akawerama kwambiri, ndi kupanikiza komwe kuja. Kuthamanga m'madzi akuya kumasunga mpweya bwino.

Koma ine ndikuona kuti marathon ikadali yotheka. Maziko ali nawo.

MayiFiziyo:
Apo pokha sindikuvomera, achimwene. Ululu umayamba pa makilomita 12. Marathon ndi 42.195. Akhala masabata awiri osathamanga, minofu sinayambe n'komwe kulimba, ndipo kadyedwe kangoyamba kukonzedwa. Kuti afike pa mzere woyambira ayenera kubwerera ku mitunda ya 28 kapena 30 m'masabata 4 akubwerawa, kumene ndi kufulumira komwe kunawabweretsa pano. Akhoza kumaliza, inde, koma atsimphina makilomita 20 omaliza ndipo tidzayambiranso pa ziro.

Kochi_42:
Funso lina lomwe akundifunsa kawirikawiri: kodi akapitiriza kuthamanga, chiuno sichidzaperepeseka akamakula?

DokotalaWaMasewera:
Auzeni zoona zonse ziwiri. Cam yaikulu imakweza mwayi wa nyamakazi ya m'chiuno m'tsogolo, zimenezo n'zodziwika. Koma kuthamanga kwa munthu wamba sikunaoneke kuti n'kumene kumadya mfundo. Kafukufuku wa 2017 wophatikiza maphunziro ambiri anapeza nyamakazi ya chiuno ndi bondo mwa 3.5 peresenti ya othamanga mongokonda, 10.2 peresenti ya anthu ongokhala, ndi 13.3 peresenti ya opikisana pamlingo wapamwamba. Kukhala pansi sikungachotse cam ija. Chinthu chimodzi ndikuletsa: asamwe ibuprofen kapena diclofenac kuti athe kuthamanga. Zimabisa chizindikiro chomwe tikudalira, komanso pa mtunda wautali zimalemetsa impso. Ululu wa usiku ukayamba, kapena kutsimphina poyenda, abwerere kuchipatala osadikira.

Kochi_42:
Takhala pansi ndi mayiwa dzulo, ndawawerengera zonse. Marathon iyi taisiya. Zinawawawa, koma anena okha kuti akufuna adzathamangebe ali ndi zaka 60. Sabata ino tikuyamba ndi makilomita 5 katatu, pamalo osalala, tsiku lopuma pakati. Zitsulo Lachiwiri ndi Lachisanu motsogozedwa ndi fiziyo wawo. Masitepe ndawerenga, ali pa 160, tikweza kufika 168. Tatsegula kabuku kolembamo ululu wa m'mawa uliwonse. Za half marathon tidzakamba akadzatha makilomita 15 osamva kanthu mawa lake.

MayiFiziyo:
Zili bwino. Musakweze mtunda ndi zitsulo sabata imodzi, kuti ululu ukabwera mudziwe chomwe chauputa. Pakatha masabata 4 mutibweretsere zomwe zili m'kabukuko, tidzaonere limodzi.