Thandizeni: pagalimoto kuchokera ku Lusaka mpaka ku Ilha de Moçambique pa holide ya Heroes ndi Unity

Membala wosadziwika: Abale anga, ndipatseniko nzeru, tulo sindikuona. Mkazi wanga chibadwire sanaonepo nyanja yamchere. Anaona pafoni zithunzi za mlatho wautali wolowera pa Ilha de Moçambique, kachilumba ka kumpoto kwa Mozambique, mtima wake n'kutsala komweko, ine n'kumulonjeza kuti tidzapita mu Julayi, poti Lolemba la Heroes ndi Lachiwiri la Unity sitigwira ntchito. Ndalama ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono, ngakhale alamu anga anabwereka zina mpaka lero akungoti mawa, mawa. Kuntchito abwana anandikaniza masiku owonjezera, pomwe mnzanga wobwera dzulodzuloli anamupatsa mlungu wathunthu. Apongozi nawo akuti ndikumwaza ndalama denga likudontha, chonsecho malata ndinagula ndine. Galimoto ilipo, yaing'ono, siimwa mafuta ambiri. Tidzere kuti? Pa boda amafuna chiyani? Chonde osandinyoza.

Dalaivala wa Nacala: Akulu, mapu mwawaona? Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo Great East Road si msewu wothamangapo. Pa mapiri a Manenekela paja mudzatsika mwaulemu. Tsiku loyamba latha. Mawa lake Mwami, Mchinji, Lilongwe, Mangochi, kutulukira pa Chiponde kulowa Mandimba. Kenako Cuamba, Nampula, ndiye kuchoka ku Nampula kwatsalabe makilomita ngati 180. Zonse pamodzi mwapitirira 1,500, KUPITA KOKHA. Masiku anayi? Mudzangotsuka mapazi m'nyanja n'kutembenuka. Ine msewu umenewu ndimadyerapo, ndikudziwa chimene ndikunena.

Amake Mapasa: Galimotoyo ili m'dzina lanu? Nanga mukupita awiri kapena ndi ana? Yankhani zimenezi kaye.

Wa ku Katete: A Dalaivala, bwanji mukumuzungulitsa munthu ku Malawi? Maboda awiri, ndalama kawiri. Akhotere pa Katete, atulukire pa Chanida, alowa Mozambique kamodzi n'kamodzi pa Cassacatiza mpaka ku Tete.

Dalaivala wa Nacala: Afika ku Tete, kenako? Malawi wakhala pakati ngati mphini m'khasu. Kuchoka ku Tete kupita ku Nampula osaponda Malawi ndiye kutsika mpaka kumunsi kwa Zambezi n'kukweranso. Chanida ndi njira ya ku Beira imeneyo. Anthu a ku Katete mumafuna aliyense adzere kwanu basi.

Wa ku Katete: Nanga mafuta akasowa ku Malawi monga zimachitikira, adzakankha galimotoyo ndinu?

Mtsikana wa ku Matero: Ine nkhani ya alamuyo ndi imene yandiwawa. Wanga anatenga ndalama zanga za chilimba, lero tikakumana pamaliro amandipatsa moni ngati palibe kanthu. Musamabwereketse achibale, bambo.

Agogo a Chisomo: Mwana wanga, apongozi akowo sanalakwe. Mvula ya Novembala sidzafunsa kuti unakaona nyanja. Konza denga. Madzi ali pa Siavonga pompa, pa nyanja ya Kariba, m'mawa kupita madzulo kubwera.

Mnyamata wa Kabwata: Agogo, ku Siavonga athire mchere m'kapu basi, amayi asangalale 😂

Mphunzitsi wopuma: Musamufooketse. Ndinafikako, ndipo malowo ndi oyenera kuwaona. Kachilumbako n'kotalika makilomita atatu okha, mumakamaliza wapansi. Kanali likulu la Mozambique mpaka 1898, ndipo UNESCO inakaika pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 1991. Kunsonga kuli linga la São Sebastião, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka 1522, mafunde akumenya m'munsi mwake. Azimayi akumeneko amadzola nkhope zoyera ndi mussiro, phala lopera kuchokera ku mtengo. Mlathowo ndi wopapatiza, galimoto imodzi basi, mukakumana wina amapatukira pa timalo todikirira. Koma kupita kotere kumafuna mlungu, mwanawe.

Dalaivala wa Nacala: Mbiri siwolotsa munthu pa boda, aphunzitsi. Mverani: white book (chikalata cha umwini wa galimoto), chikalata cha Interpol chosonyeza kuti galimoto si yakuba, laisensi, mapasipoti osatha. Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya bungwe la mayiko la COMESA, igwira ku Malawi, koma Mozambique sali mu COMESA, inshuwalansi mudzagulanso polowa. Matrayango awiri ndi vesti yowala zikhale m'galimoto. Ine tsiku lina anandiimika pamsewu, vesti ili pansi pa katundu, ndinataya theka la tsiku ndikulankhula ndi manja poti Chipwitikizi changa chimathera pa bom dia. Ndipo usiku OSAYENDA.

Amake Mapasa: Ndafunsa kale, galimoto ndi ya ndani? Ngati white book ili m'dzina la wina mufunika kalata ya mwiniwake, apo ayi mudzabwerera pa Mwami.

Bambo wa ku Chelstone: Palibe amene akunena za nkhondo? Kumpoto kwa Mozambique anthu akhala akuthawa kuyambira 2017.

Mphunzitsi wopuma: Imeneyo kwenikweni ndi Cabo Delgado. Ilha ili m'chigawo cha Nampula. Komabe amvetsere nkhani asananyamuke.

Dalaivala wa Nacala: Anthu oopa nkhondo ali pa sofa ku Chelstone! Chimene chingamuphe uyu ndi tulo pa chiwongolero, kuthamangira kuti Lachitatu apezeke kuntchito. Ndaona magalimoto angati m'maenje chifukwa cha zimenezi?

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Agogo, dengalo si langa, ndi la apongozi, ndipo ana awo aamuna alipo atatu. A Dalaivala, tikanyamuka Lachisanu madzulo ndikaweruka, sizingatheke? Sindikufuna kumukhumudwitsa mayiyu, wapirira nane zambiri.

Dalaivala wa Nacala: Ndangonena kumene kuti usiku osayenda! Pa mlatho wa Luangwa mudzadutsa mdima uli bii. Mupite naye ku Senga Bay ku Salima, mchenga ulipo, chambo chilipo, Lachiwiri muli kunyumba. Ilha muisungire Disembala.

Wa ku Katete: Disembala ndi mvula? Ndiye mwati mumaudziwa msewu?

Amake Mapasa: Bambo inu, kachitatu tsopano. Galimotoyo ndi yanu?